Laisensi ya usodzi wa malonda pa Nyanja ya Malawi: mapepala ake ndi malipoti ake

Kodi usodzi wa malonda ndi uti, poti aliyense wopita m'madzi amagulitsa nsomba?

Zoona, ngakhale mwini chilimira amagulitsa usipa wake. Koma a nthambi ya za usodzi akamanena za usodzi wa malonda amanena makamaka za ma trawler, maboti a injini aja okoka ukonde waukulu, kaya limodzi palokha kaya awiri mophatikizana, monga omwe timawaona ku Mangochi, Monkey Bay ndi Salima. Kampani yomwe inadziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi MALDECO. Asodzi a chilimira, nkacha ndi matchera nawonso amadula laisensi ya zida zawo, koma zawo zimathera ku ofesi ya za usodzi ya pa boma, mothandizana ndi ma BVC, makomiti a pa doko aja.

Lamulo lake ndi liti?

Ndi lamulo losamalira ndi kuyendetsa za usodzi la mu 1997, pamodzi ndi malamulo ake ang'onoang'ono a mu 2000. Limapatsa mkulu wa nthambi ya za usodzi mphamvu yopereka laisensi, kuikapo zoyenera kutsata, kuikana ngakhale kuilanda.

Ndikonzekere mapepala anji?

Boti lili ndi mabwana awiri. A nthambi yoona za maulendo a pamadzi amaliyeza ngati lili loyenera kuyenda panyanja ndi kulilembetsa. A za usodzi amaona injini, ukonde ndi dera lomwe mukufuna kukaphako. Choncho sungani chiphaso cha boti, chitupa chanu cha unzika, fomu yopempha laisensi ndi malisiti onse. Ngati mukuchita monga kampani, mapepala olembetsera bizinesi ndi nambala ya msonkho ya MRA zikhale pafupi.

Langizo langa: musathamangire kukhoma boti musanafunse ngati malo alipo. Nyanja inagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malire a maboti omwe chingalandire. Kukhala ndi boti sikukhala ndi laisensi.

Ndikailandira, ndingakoke paliponse?

Ayi. Laisensi imatchula boti, zida ndi chigawo. Trawler siloledwa kukoka pafupi ndi gombe kapena m'madzi osaya osafika mamita 18, chifukwa ndimo moswanirana chambo, ndimonso asodzi ang'onoang'ono amatchera matchera awo. Mikangano yambiri ya pa doko imayambira pomwepa: munthu watchera madzulo, m'mawa akupeza ukonde wake wadulidwa pakati. Maso a ukonde nawo ali ndi muyezo, ndipo chambo chosafika masentimita 15, chomwe timati kasawala, n'choletsedwa. Masiku ano ma trawler amaikidwa kachipangizo koonetsa pomwe boti lili, ndiye zonena kuti “mwera unatikankhira kumeneko” sizikugwiranso bwino.

Nanga malipoti a nsomba zophedwa, n'chiyani kwenikweni?

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mwini trawler amayenera kulemba zomwe boti lapha ndi kupereka ku nthambi mwezi ndi mwezi: tsiku, dera, nthawi yomwe ukonde unali m'madzi, ndi kulemera kwa nsomba mtundu ndi mtundu. Ndunduma payokha, utaka pawokha, chisawasawa, mcheni, kampango, bombe, chambo.

Taganizirani doko cha kumadzulo boti likangokocheza. Amayi a mabeseni alowa kale m'madzi mpaka m'mawondo, alovi akutsitsa makreti, wina akukuwa mtengo, wina akufuna ndiwo zake za tsikulo. Kalaliki akapanda kulemba nthawi yomweyo, ndi cholembera chonyowacho, basi zapita. Pakutha pa mwezi mwini boti amangokhala pansi n'kupeka manambala, tsiku lililonse makreti ofanana ngati nyanja ndi golosale. Wodziwa ntchito akangoyang'ana pepala lotere amadziwiratu. Buku likhale m'boti, m'jumbo ya pulasitiki, ndipo kapitawo alembe akangokweza ukonde. Tsiku lomwe simunapite, kaya injini inafa kaya kunali mwera, lembaninso choncho.

Kodi si njira yongofuna kutidula msonkho?

Mantha amenewa ndiwo amachititsa ena kuchepetsa manambala. Koma malipotiwa amakathandiza akatswiri a kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, omwe amayerekeza nsomba zophedwa ndi maola omwe ukonde unakokedwa. Akaona kuti maola akuchuluka koma makreti akuchepa, amadziwa kuti chigawocho chatopa. Manambala akakhala abodza, nawo malire a maboti amakhala abodza. Nyanja ya Malombe ndi umboni: m'zaka za m'ma 1980 inkatulutsa chambo matani zikwizikwi, pofika m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu, ndipo n'chifukwa chake makomiti a pa doko anayambira kumeneko mu 1993.

Nyanja ikatsekedwa, laisensi yanga imandilola kupitiriza?

Sikulolani. Nyengo yotseka imayamba cha mu Novembala, chambo chikamaswana, ndipo masiku ake a zida zosiyanasiyana amalengezedwa ndi nthambi. Mverani chilengezo cha chaka chimenecho, osati zomwe munazolowera. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ku Salima, amatseka mwa mwambo wawo kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo pepala la boma silikutsegulirani kumeneko.

Ndingabwereke laisensi ya mnzanga, kapena kugula boti pamodzi ndi laisensi yake?

Musangogwirana chanza pa doko. Pitani nonse ku ofesi ya za usodzi mukafunse ngati n'zololedwa ndi zoyenera kutsata. Mukasintha injini kapena ukonde, adziwitseninso.

Ndikagwidwa ndilibe mapepala?

Oyang'anira za usodzi ali ndi mphamvu yokwera m'boti, kufunsa laisensi, kuyeza maso a ukonde ndi kulanda zida ndi nsomba. Nkhani ikafika ku khoti pali chindapusa kapena ndende, ndipo zolandidwazo zikhoza kupita osabweranso. Laisensi ndi ya chaka chimodzi; pokaikonzanso tengani makope a malipoti anu onse, odindidwa tsiku lomwe munawapereka.