Mvula ya mabingu ku gombe la Beira ndi Quelimane: zomwe dzinja limabweretsa

Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo, gombe la pakati pa dziko la Mozambique, kuchokera ku Beira kukafika ku Quelimane, limakhala lotentha ndiponso lachinyezi kwambiri, moti munthu wozolowera mpweya wa ku Dedza kapena ku Mzuzu akafikako amadabwa kuona kuti thukuta siliuma m'thupi ngakhale pakati pa usiku. Kutentha ndi chinyezi chimenecho ndizo zimabala mvula ya mabingu. Mzinda wa Beira umalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 1,500 pachaka, pamene Lilongwe kawirikawiri safika mamilimita 1,000, ndipo yochuluka mwa mvula imeneyi imagwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Anthu ambiri akamva za dera limeneli amakumbukira anamondwe Idai ndi Freddy, ndipo n'zomveka. Koma namondwe wamkulu safika chaka chilichonse pamalo amodzi, pomwe mvula ya mabingu imagwa mlungu ndi mlungu dzinja lonse, ndipo ndi imeneyi yomwe madalaivala athu a mathiraki ndi matankala opita ku doko la Beira, amalonda, asodzi ndi alimi a mpunga a m'zigwa za Zambezia amakumana nayo kawirikawiri. Ine ndimaona kuti timaipeputsa chifukwa imabwera pafupipafupi ndipo sikhalitsa.

Kuti mtambo wa mabingu upangike pamafunika nthunzi yambiri mumpweya wapansi, pamafunika kuti mpweya wakumwamba ukhale wozizira mokwanira, ndiponso pamafunika china chake chokankhira mpweya wapansiwo m'mwamba. Nthunzi sisowa m'derali. Madzi a m'nyanja yamchere ya pakati pa Mozambique ndi chilumba cha Madagascar amatentha kufika madigiri 28 mpaka 30 m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi yokha umatha kunyamula nthunzi yoonjezera ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 aliwonse. Mpweya wotere ukayamba kukwera umazizira, nthunzi n'kusanduka timadontho ta madzi, ndipo pakusandukapo imatulutsa kutentha komwe inatenga pochoka m'nyanja. Kutentha kumeneku kumachititsa mpweya wa mumtambo kukhala wopepuka kuposa wouzungulira, choncho umangokwerabe wokha popanda choukankha. N'chifukwa chake kamtambo koyera komwe kanali kosaopsa 11 koloko m'mawa kamatha kukhala chimtambo chotalika makilomita 15 pofika 2 koloko masana, pansi pake pali bii, pamwamba pake patayala ngati denga ndipo pakuzizira kuposa madigiri 60 pansi pa ziro.

Chokankha mpweya chodalirika kwambiri m'mbali mwa nyanja ndi mphepo yochokera kunyanja. Dzuwa likakwera, nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda umapepuka n'kukwera, ndipo mpweya wozizirirapo wa panyanja umalowa pansi pake kudzadzaza malowo. Mphepo imeneyi imayamba m'mawa dzuwa litatentha, ndipo pofika masana imakhala italowa makilomita makumi angapo kumtunda. Pamene mutu wa mphepoyi wafika ndi pomwe mpweya wotentha umanyamulidwa mwamphamvu, ndipo mitambo imandandalikana mumzere wotsata gombe. Zotsatira zake zimasokoneza alendo ambiri: munthu ali pagombe penipeni ku Macuti, mumzinda wa Beira, akhoza kukhala padzuwa lowala, pamene kumtunda, ku Dondo kapena ku Nhamatanda, kukugwa chimvula cha ziphaliwali. Mpweya wachinyeziwu ukakafika pa phiri la Gorongosa, lomwe ndi lotalika mamita oposa 1,800, kapena pa mapiri a ku Manica kumalire ndi Zimbabwe, phirilo limaukweza, ndipo madera amenewo amalandira mvula yoposa ya kuchigwa.

Usiku zinthu zimatembenuka. Nthaka imazizira msanga, nyanja imasungabe kutentha kwake, ndipo mphepo imayamba kuchokera kumtunda kupita kunyanja, komwe imakakumana ndi mpweya wofunda wodzaza nthunzi. Mitambo ya mabingu imakapangikira panyanja pakati pa usiku, ndipo mphepo ya m'mwamba ikakhala yochokera kuvuma imaikankhira kugombe mbandakucha. Motero anthu okhala m'mphepete mwenimweni mwa nyanja nthawi zambiri amadzutsidwa ndi mvula m'malo moilandira masana. Anthu a ku Nkhata Bay sangadabwe nazo zimenezi, chifukwa nyanja ya Malawi nayo imachita chimodzimodzi: m'dzinja ziphaliwali zimang'anima pakati pa nyanja usiku, mvula n'kudzafika kumtunda kukucha. Kwa msodzi wa bwato laling'ono, imeneyi ndiyo nthawi yoopsa kwambiri, popeza mtambo sauona bwino mumdima ndipo mphepo imamupeza ali kutali ndi gombe.

Pali masiku ena omwe kumatentha, chinyezi chili tho, mitambo ikusonkhana, koma osagwa ngakhale dontho. Chimachitika n'chakuti pamtunda wa makilomita awiri kapena atatu pamakhala mpweya wofunda ndi wouma womwe umagwira ntchito ngati chivindikiro cha poto, ndipo mitambo ikafika pamenepo imalephera kubowola. Mphamvu ija siitha, imangounjikana pansi. Tsiku lomwe chivindikirocho chafooka, mabingu ake amakhala aukali kuposa a masiku onse, ndipo n'chifukwa chake masiku angapo otentha mosapumitsa m'dzinja ayenera kutipatsa tcheru.

Mtambo umodzi wa mabingu umakhala ndi moyo wa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Mvula ikayamba kugwa mkati mwake imakoka mpweya wozizira kutsika nawo, ndipo mpweyawo ukagunda pansi umamwazikira mbali zonse. Imeneyi ndiyo mphepo yozizira yomwe imafika mwadzidzidzi, ikuulutsa fumbi ndi mapepala, mphindi zochepa mvula isanayambe. Nthawi zina imakhala yamphamvu moti imasasula madenga a malata, kuthyola migwalangwa ndi mitengo ya kokonati, ndi kugwetsa mapolo a magetsi, ndipo anthu amayesa kuti kwadutsa namondwe. Mphepo yomweyi ikamathamanga pansi imanyamulanso mpweya wotentha wa patsogolo pake n'kubala mtambo watsopano, moti mvula yomwe imayenera kukata m'ola limodzi imatha kupitirira usiku wonse, mtambo wina ukufa, wina ukubadwa pambali pake.

Za mphenzi ndifuna kunena mosapita m'mbali, chifukwa ndi pamene miyoyo imatayika popanda chifukwa. Pamwamba pa mtambo, timiyala ta madzi oundana timagundana pamene tina tikukwera, tina tikutsika, ndipo kugundanako kumalekanitsa mphamvu ya magetsi mpaka itadumpha kuchokera mumtambo kufika pansi. Njira yomwe yadutsa imatentha kufika pafupifupi madigiri 30,000, mpweya n'kufutukuka mwadzidzidzi, ndipo phokoso lakelo ndilo bingu. Kuwala kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limatenga masekondi atatu pa kilomita imodzi. Ngati mwaona kung'anima n'kuwerenga masekondi osapitirira 30 bingu lisanamveke, ndiye kuti mphenziyo yagwa mkati mwa makilomita 10, ndipo yotsatira ikhoza kugwa pomwe mwaimapo. Mphenzi imatha kugwa patali ndi pomwe mvula ikugwa, choncho kusanyowa si chizindikiro chakuti muli pabwino, ndipo ndi bwino kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanabwerere kumunda, kubwalo la mpira kapena kunyanja.

Malo otetezeka ndi nyumba yolimba, kutali ndi mawaya, mipope ndi mawindo, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo mawindo atatsekedwa. Dalaivala wa thiraki ali bwino m'kati mwa kebini kusiyana ndi kukabisala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, ndipo asakwere pamwamba pa katundu kukakonza tenti mabingu akugunda. Chisakasa, khonde lotseguka, munda wa mpunga wodzaza madzi ndi bwato ndi malo oipa. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, choncho palibe choopa kumugwira, ndipo ngati wasiya kupuma ayenera kuthandizidwa nthawi yomweyo pomusindikiza pachifuwa uku akuthamangira naye kuchipatala. Zimandipweteka kuti m'madera mwathu ngozi yotere ikachitika, nthawi yambiri imathera pofufuza yemwe watumiza mphenziyo, pamene woombedwayo akanatha kupulumuka m'mphindi zoyambirira.

Vuto lachiwiri ndi madzi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kotero mvula ya mamilimita 50, yomwe mtambo umodzi ungathe kukhuthula m'ola limodzi, imatsanulira malita 500,000 pa hekitala iliyonse. Beira anamangidwa pamalo athyathyathya pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, pafupi ndi mathiriro a Buzi, ndipo mbali zina za mzindawu zili pansi kuposa pomwe nyanja imafika ikakwera kwambiri. Pagombe limeneli nyanja imakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyana kwa madzi okwera ndi otsika kumatha kupitirira mamita 6. Ngalande za mumzinda, kuphatikizapo kamtsinje ka Chiveve komwe kanakonzedwanso n'kuikidwa zitseko zotchinga madzi amchere, zimatha kutaya madzi m'nyanja pokhapokha nyanjayo ikatsika. Chimvula chikagwa nyanja itakwera, madzi amasowa kolowera ndipo amadikira maola angapo m'misewu ndi m'nyumba za m'madera otsika monga Munhava ndi Praia Nova. Mvula yofanana ikhoza kungodutsa lero koma n'kumiza nyumba mlungu wamawa, kungotengera ola lomwe yagwera. Quelimane nayenso ali pamalo otsika m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, womwe madzi ake amakwera ndi kutsika motsata nyanja. Madzi akaima motere amasakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo kolera ndi malungo zimatsatira, monga zinachitikira ku Beira Idai atadutsa mu 2019.

Si mvula yonse ya m'dzinja yomwe ili ya mtundu umenewu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, lamba wa mvula yemwe amapangika pomwe mphepo zochokera kumpoto zimakumana ndi zochokera kummwera chakuvuma amatsikira pakati pa Mozambique, ndipo amabweretsa mvumbi wa masiku angapo m'dera lalikulu. Mkati mwa lamba ameneyu ndi momwe mumabadwa anamondwe, omwe nyengo yawo kuchigawo chino cha nyanja ya India imawerengedwa kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo likulu lowalondola lili pachilumba cha La Réunion. Apa ndi pomwe nkhani ya gombeli imatikhudza mwachindunji ngakhale tisanapiteko. Idai asanakule n'kukagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, anali atakhuthula kale mvula yomwe inasefukiza madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumayambiriro kwa mwezi womwewo. Freddy analowera pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo m'masiku otsatira matope ndi miyala zinali kutsika m'mapiri a Soche ndi Mulanje.

Kusiyana kwa mitundu imeneyi kumafotokoza chifukwa chake ulosi wa zanyengo umaoneka ngati wolondola tsiku lina ndi wabodza tsiku lina. Namondwe ndi wamkulu makilomita mazanamazana, amaoneka pa satelaiti, ndipo njira yake imadziwika masiku atatu kapena asanu asanafike. Mtambo wa mabingu nthawi zambiri sudutsa makilomita 10 kapena 20 m'lifupi, ndipo umabadwa ndi kufa m'ola limodzi. Makompyuta omwe amapereka ulosi wa m'mafoni amagawa dziko m'timabwalo ta makilomita 9 mpaka 13 kapena kuposa apo, choncho amadziwa bwino kuti mpweya wapsa ndipo mabingu akhalapo, koma sangaloze mudzi kapena ola lenileni. Foni ikanena kuti mwayi wa mvula ndi 60 pa 100, tanthauzo lake n'lakuti pa masiku khumi a mpweya wotere, pamalo pomwe mulipo pamagwa mvula masiku asanu ndi limodzi. Sikunena kuchuluka kwa mvulayo, ndipo tsiku la 30 pa 100 likhoza kukupatsani chimvula choopsa ngati mtambo umodzi womwe wapangika waima pamutu panu. Machenjezo oyenera kuwatsatira ndi a nthambi ya zanyengo ya dziko lomwe mulimo, yomwe ku Mozambique ndi INAM, pamodzi ndi INGD yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ulosi wa nyengo yonse, wonena kuti chaka chino mvula ikhala yambiri kapena yochepa malinga ndi La Niña kapena El Niño (kuzizira kapena kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific), umathandiza mlimi posankha mbewu, koma sunena kanthu za Lachiwiri likubwerali, ndipo ngakhale chaka cha chilala chimakhala ndi mabingu akupha.

Kwa oyenda pamsewu wa EN6 kuchokera ku Inchope kupita ku Beira, chinthu chomwe chimanyenga kwambiri ndi thambo loyera. Mtsinje wa Pungwe umayambira kumapiri a Nyanga ku Zimbabwe, ndipo madzi a mvula yomwe yagwa kumeneko ndi ku Manica amatenga masiku kuti afike kuchigwa cha pakati pa Tica ndi Mafambisse, komwe msewu umadutsa m'dambo lalikulu. Madzi amatha kukwera pamsewu dzuwa likuwala, mvula itakata dzana. Madzi othamanga ofika m'kakolo amatha kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo ngakhale thiraki yolemera siithandizidwa ndi kulemera kwake ngati phula ladyeka kunsi komwe dalaivala sakukuona. Amene akunyamuka ku Mwanza kapena ku Dedza m'miyezi imeneyi afunse za mvula ya kumapiri a Manica ndi za mulingo wa Pungwe, osati za nyengo ya ku Beira yokha, ndipo akapeza madzi akudutsa pamsewu usiku, aime mpaka kuche.