"Sindinaphepo munthu, ndilape chiyani?"

Pali funso limene ndikalimva ndimayamba ndameza malovu ndisanayankhe. Ndalimva pa mlaga ku Chinamwali, ndalimva m'kalasi ya katekisimu, ndalimvanso kwa bambo wina wophunzira kwambiri wa ku Chanco: "Koma abusa, ine sindinaphepo munthu, sindiba, mkazi wamwini sindimuyang'ana n'komwe. Ndilape chiyani?"

Zimenezo kauzeni apolisi, akutulutsani tsiku lomwelo. Zomwe mwatchulazo ndi milandu. Tchimo ndi lozama kuposa mlandu, ndipo ndatopa nako kubwereza zimenezi kwa anthu oti anabatizidwa ine ndisanabadwe.

Afarisi atadandaula kuti ophunzira a Yesu akudya osasamba m'manja, Yesu anawayankha pa Marko 7 kuti chodetsa munthu chimatuluka mumtima. Tawerengani bwinobwino zimene anatchulazo. Kupha kulipo, chigololo chilipo, inde. Koma pamzere womwewo pali kusirira, chinyengo, njiru, mwano ndi kudzikuza. Sanazigawe kuti izi n'za akaidi, izi n'za amayi a Mvano. Kasupe wake ndi mmodzi. Munthu sasanduka wochimwa tsiku limene wagwidwa akuba. Amaba, amanama, amasunga chakukhosi chifukwa ndi wochimwa kale. Aliyense wosunga chimanga amadziwa: thumba limaima pakona lili loyera, losokedwa bwino, koma ukapisamo dzanja umatulutsa fumbi lokhalokha ndi anankafumbwe. Kukhuthulira m'thumba latsopano sikupha anankafumbwe.

Maganizo akuti "ndikalimbikira ndikhala wolungama pandekha" sanayambe lero. Pelagius wa ku Britain ankaphunzitsa zomwezi ku Rome, ndipo amene analimbana naye kwambiri ndi mwana wa mu Africa muno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi Algeria. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitsocho m'chaka cha 418. Mwiniwakeyo anafa kalekale, koma ophunzira ake Lamulungu lililonse amakhala mabenchi a kutsogolo, ena atavala yunifolomu. Kunena zoona, kulalikira kundende ya Zomba sikuvuta ngati kulalikira m'tchalitchi. Kumeneko ukawerenga Aroma 3:23, kuti onse anachimwa naperewera pa ulemerero wa Mulungu, palibe amatembenuka kuyang'ana mnzake.

Chimene chimandisowetsa tulo mpaka pano ndi nkhani ya mkulu wa mpingo wina amene anatumikira zaka zoposa 30. Ndinakawazonda kuchipatala Lolemba masana, nthawi yoonera odwala, m'wodi muli mabasiketi ndi mafulasiki a phala okhaokha. Anali atawonda, koma mutu ukugwira bwinobwino. Nditawafunsa kuti, "Bambo, nanga ndi Mulungu wanu zili bwanji?" anauza mayi a kunyumba kuti awapatsire jekete. M'thumba la m'kati anatulutsa kajumbo ka shuga kopindidwa kanayi, ndipo m'menemo munali khadi la mpingo, lothetheka m'mphepete. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Onani, abusa. Chopereka sindinadumphitsepo ngakhale mwezi umodzi. Mgonero sindiphonya. Sesheni sinandiitanepo pa mlandu."

Ine ndinkadziwa, mpingo wonse unkadziwanso, kuti bambowa sankalankhulana ndi mng'ono wawo kwa zaka zambirimbiri chifukwa cha malire a dimba. Pamaliro a pamudzi ankakhala wina uku, wina uko. Ndinayenera kuwauza pomwepo kuti khadi ndi la mlembi wa mpingo, kumwamba salifunsa. Ndinayenera kutsegula Luka 18, kumene Mfarisi anawerengera Mulungu kusala kwake ndi chakhumi chake, koma amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa ndi wamsonkho uja wodziguguda pachifuwa, wopempha chifundo basi. Koma ndinayang'ana anthu amene anazungulira bedi, ndinayang'ana imvi zawo, ine mwana wadzulodzulo, manyazi n'kundigwira. Ndinapemphera kapemphero kofewa ka machiritso, n'kunena kuti ndibweranso Lachinayi tidzacheze bwino.

Anatisiya Lachitatu usiku. Kumene anapita sindikuweruza ayi. Wachifwamba wa pamtanda uja anapulumuka mpweya uli pafupi kutha, ndipo zimene bambowa analankhula ndi Mulungu usiku umenewo n'za awiriwo. Chimene chimandiluma n'chakuti chinthu chomaliza chimene ndinawaona akudalira chinali khadi, ndipo ine ndinawabwezera m'manja osanena kanthu.

Pansi pa bedi lawo panali kabotolo. Ana awo anakagula "madzi odzozedwa" kwa mneneri wina, ndipo mneneriyo, wodwalayo asanamuone n'komwe, anati wawalodza ndi mng'ono wawo yemweyo. Apa ndiye ndimapsa mtima. Tamvetserani ulaliki wa aneneri amalondawa. Vuto nthawi zonse ndi azakhali anu, apongozi anu, mnzanu wa kuntchito, mizimu ya kwanu. Inuyo ayi. Simudzawamva akunena kuti "lapani", chifukwa kulapa sikulowa m'botolo, sikugulitsika. Ndi ng'anga yomwe ija, yangotaya nsupa n'kuvala suti. Simoni wa ku Samariya, pa Machitidwe 8, anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro n'kumuuza kuti ndalama zakezo zitayike naye limodzi. Aefeso 2:8-9 akunena mosabisa kuti timapulumuka ndi chisomo mwa chikhulupiriro, mphatso ya Mulungu, osati ntchito zathu. Mtengo wake analipira kale Khristu pamtanda. Ndiye munthu akakutchulirani mtengo wina, kaya akuutcha "mbewu", kaya akupatsani nambala ya foni yotumizirapo, nyamulani chikwama chanu muzipita. Komanso wodwala musamusiyitse mankhwala chifukwa cha anthu amenewa. Maliro oterowo tayika okwanira.

Musandimve molakwa kuti chopereka, mgonero ndi Mvano n'zachabe. Ndi zipatso. Koma kumangirira mango ndi luzi pa bulugama sikuusandutsa mtengo wa mango.

Tsono inu achinyamata amene mumati "ndidye kaye moyo, ndidzalapa ndikakula", anakulonjezani ukalambawo ndani? Bwanamkubwa Felike, pa Machitidwe 24, atamva Paulo akunena za chilungamo, kudziletsa ndi chiweruzo, anagwidwa mantha n'kunena kuti pita kaye, ndikapeza mpata ndidzakuitana. Ankamuitanadi kawirikawiri, Paulo ali m'ndende zaka 2, koma akuyembekezera kuti ampatsa ndalama. Za kulapa kwake sitimva. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo ngozi si imfa yadzidzidzi yokha. Mtima umauma. Amene wazolowera kukana ali ndi zaka 25, akamafika 70 sakananso, amangokhala osamva kanthu, nyimbo akuimba nawo bwinobwino.

Mng'ono wawo wa bambo aja anabwera kumaliro. Anaima patali, kuseri kwa adzukulu, chipewa chili m'manja, pamene mlembi ankawerenga mbiri ya malemu kuchokera pa khadi lija. Titatha kuika nkhata ndinawafunafuna, koma anali atakwera kale njinga yawo.