Mpanda womwe unagawa anyamata a hockey kwa zaka zambiri

Pa 7 Novembala 2024, bungwe loyang'anira masewero m'mayunivesite a ku America, NCAA, linagwetsa lamulo lomwe linkasowetsa tulo makolo ambiri ku Canada. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2025, mnyamata yemwe waseweramo mu CHL, ligi yaikulu ya anyamata ya ku Canada, ali ndi ufulu wokasewera hockey ya pa madzi oundana ku yunivesite. Ambiri akukamba za mlandu womwe mnyamata wina anakasumira bungweli ku khoti, koma gwero la nkhaniyi ndi lakale.

CHL ndi mgwirizano wa maligi atatu, WHL, OHL ndi QMJHL, a anyamata a zaka 16 mpaka 20. Mwana amachoka pakhomo pa makolo ake nkukasungidwa ndi banja lachilendo m'tauni ina, amasewera masewero opitirira 60 pa chaka, ndipo usiku wambiri umamupeza ali m'basi, chikwama cha zida chili kunsi, buku la sukulu lili pamwendo. Akatswiri otchuka a hockey monga Wayne Gretzky, Sidney Crosby ndi Connor McDavid anadzera kumeneko. Ku yunivesite masewero ndi pafupifupi theka lake, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, masiku enawo ndi a m'kalasi ndi olimbitsa thupi.

Ine ndimaona kuti mpandawu unazikidwa mu 1956, pamene Murray Armstrong, yemwe ankaphunzitsa timu ya anyamata ya Regina Pats ku Canada, anapita kukakhala mphunzitsi ku yunivesite ya Denver. Iyeyu ankawadziwa bwino anyamata a kumadzulo kwa Canada, ndipo anayamba kuwatenga atakhwima kale m'maligi a kwawo. Zotsatira zake sizinachedwe: Denver inatenga chikho cha NCAA mu 1958, 1960, 1961, 1968 ndi 1969. Ku yunivesite ya Minnesota, mphunzitsi John Mariucci zinamuwawa. Iye ankadalira ana a m'dera lake ongotuluka kumene ku sekondale, ndipo ankati si chilungamo kuti mwana wa zaka 18 azilimbana ndi munthu wamkulu woti wadya kale minga. Mkangano unakula mpaka ligi ya mayunivesite a kumadzulo kwa America inasweka mu 1958, nkudzakhazikitsidwanso mu 1959 ndi dzina loti WCHA. Ngakhale zinatero, Minnesota inatha zaka zoposa khumi ikukana kukonza masewero ndi Denver.

Apa olemba mbiri amasiyana. A mbali ya Minnesota amamutenga Mariucci ngati tate yemwe anatsegulira ana a ku America khomo, ndipo ali ndi mfundo, poti boma la Minnesota linadzakhaladi nkhokwe ya osewera. A ku Denver amati nkhani inali nsanje chabe. NCAA yokha inkapereka chifukwa china: kuti m'maligi a ku Canada anyamata amalandira kangachepe, ndipo ena mwa iwo anasaina kale mapangano ndi matimu a NHL, ligi ya akuluakulu osewerera malipiro, choncho onse ndi osewerera malipiro. Chifukwa chimenechi sichindikhutitsa kwenikweni, chifukwa kandalama kake kanali kongothandizira zofunika za tsiku ndi tsiku.

Zomwe Denver inachita pa mpikisano wa NCAA wa 1973 zinafufutidwa m'kaundula wa bungweli pa nkhani yomweyi ya osewera a ku Canada, ndipo kenaka chitseko chinatsekeratu. Katundu yense anagwera ana. Wofuna yunivesite ankayenera kukana CHL ali ndi zaka 15 kapena 16 nkukadikira m'maligi ang'onoang'ono, monga anachitira Paul Kariya ku Penticton asanapite ku yunivesite ya Maine, komwe anapata mphoto ya Hobey Baker, ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite, mu 1993.

Ndiye kunabwera Rylan Masterson wa ku Fort Erie, Ontario. Mu 2022, ali ndi zaka 16, anasewerera Windsor Spitfires, timu ya mu CHL, masewero awiri okha, ongoyeserera ligi isanayambe, ndipo mwayi wake wa ku yunivesite unathera pomwepo. Masewero awiri! Mu Ogasiti 2024 anakasumira NCAA ku khoti la ku Buffalo, ku America. Panthawiyo NCAA inali italola kale, kuyambira mu 2021, kuti osewera ake azipeza ndalama kudzera m'maina awo, choncho mfundo ya malipiro inalibenso poimira.

Tsopano odandaula ndi matimu a ku Canada, maka Gavin McKenna atachoka ku Medicine Hat Tigers mu 2025 nkupita ku yunivesite ya Penn State. Koma woyamba kulengeza poyera, mu Seputembala 2024 lamulo lisanasinthe nkomwe, anali Braxton Whitehead, yemwe anasankha yunivesite ya Arizona State. Timu yomwe ankasewerera inali Regina Pats, komwe kunachokera Armstrong.