Wapha nkhuku usiku ndani: mink kapena weasel?

Nkhuku zikafa usiku m'khola la kuseri kwa nyumba ku Britain kuno, dzina loyamba kutchulidwa ndi la nkhandwe, ndipo nthawi zambiri imakhaladi ndi mlandu. Koma nkhandwe siibisa ntchito yake. Imakumba pansi pa mpanda, imang'amba waya, nthenga zimati mbwee pabwalo ponse, ndipo nkhuku imodzi kapena ziwiri imapita nazo. Imfa yomwe imasokoneza alimi ndi ina: chitseko n'chotseka monga munachisiyira dzulo, waya ali bwinobwino, pansi sipanakumbidwe, koma m'katimo nkhuku zili lambalamba, zina zitaunjikidwa pakona, ndipo palibe yomwe yadyedwa kwenikweni. Zikatero wolowayo ndi wochepa thupi, wadzera pa kabowo komwe inu simunakaganizireko. Oganiziridwa amakhala awiri, mink ndi weasel, kuwonjezapo m'bale wawo wapakati wotchedwa stoat.

Amene tinakulira kwathu nyamazi sitizidziwa, koma abale awo timawadziwa. Zili m'banja limodzi ndi kanyimbi, chiuli ndi katumbu, banja lomwe akatswiri a zanyama amalitcha Mustelidae. Ambiri m'banjali ndi a thupi lalitali, miyendo yaifupi, mano akuthwa, ndi fungo lamphamvu lochokera kunsi kwa mchira. Amene anavutikapo ndi likongwe pakhola la nkhuku kumudzi sadabwa ndi kalowedwe kawo: pomwe padutsa mutu, thupi lonse lidutsanso.

Mink si mbadwa ya kuno. Kwawo ndi ku North America, ndipo anabwera naye ku Britain mu 1929 kudzamuweta m'mafamu chifukwa cha ubweya wake wosokera makhoti. Ena ankathawa, ena ankamasulidwa dala, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 anali ataswana kale m'tchire, m'mbali mwa mtsinje wa Teign ku Devon. Lamulo la mu 2000 linathetsa mafamu a ubweya ku England ndi Wales, koma apo n'kuti madzi atafika kale m'khosi: mink anali atafalikira m'mitsinje ndi m'ngalande pafupifupi dziko lonse. Kanyama ka m'mphepete mwa madzi kotchedwa water vole katha ndi kupitirira 90 peresenti, ndipo mink ali ndi gawo lalikulu pa kutha kumeneko. Weasel ndi stoat, iwo ndi eni nthaka.

Kusiyana koyamba ndi msinkhu, ndipo n'kwakukulu kuposa momwe zithunzi zimaonetsera. Mink wamwamuna amalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, wamkazi pafupifupi theka la pamenepo. Weasel wa ku Britain ndi kanthu kakang'ono zedi: wamwamuna amangopitirira pang'ono magalamu 100, wamkazi amakhala cha m'ma 60. Pa nyama zonse zodya zinzake m'gulu la agalu, amphaka ndi afisi, palibe yochepa kuposa iyeyu. Ndiye kuti mink mmodzi amalemera ngati ma weasel khumi. Stoat ali pakati, magalamu 200 mpaka 400.

Mukamuona wamoyo, yang'anani pamimba ndi kumchira, osati kumaso. Mink ndi woderapo thupi lonse, pafupifupi wakuda akanyowa, ubweya wake wonyezimira, ndipo koyera kamakhala pachibwano pokha, mwina ndi timadontho pakhosi. Mchira wake ndi wa ubweya wambiri. Weasel ndi wofiirira pamsana, woyera kuyambira kukhosi mpaka kumimba, mchira waufupi wopanda chakuda. Stoat amafanana naye mtundu, koma mchira wake ndi wotalikirapo ndipo kunsonga kwake n'kwakuda nthawi zonse, ngakhale m'nyengo yozizira pomwe ena a ku Scotland amasanduka oyera thupi lonse. Kwa okhala ku Ireland nkhani ndi yachidule: weasel kulibe kumeneko, kanyama kofiirira komwe mwaona ndi stoat.

Koma kawirikawiri simumuona. Chomwe mwasiyiridwa ndi nkhuku zakufa, ndipo ambiri amathamangira kukazikwirira chifukwa cha chisoni kapena mseru. Musafulumire. Valani magolovesi, tengani imodzi, muiike pamalo owala. Sosolani nthenga za kunkhongo ndi kukhosi mpaka khungu lionekere. A m'banja ili amapha poluma pomwe mutu umalumikizana ndi khosi, ndipo mano awiri akuthwa akumwamba amasiya timabowo tiwiri toyandikana. Nthawi zina pakhungu timabowoto sitioneka bwino. Mukalisenda pang'ono mupeza magazi ataundana kunsi, ndipo pamenepo n'pomwe pali chizindikiro. Tengani rula muyeze mpata wa pakati pa timabowo tiwirito. Ukakhala pafupifupi sentimita imodzi, ganizirani mink. Ukakhala cha m'ma theka la sentimita, ndi weasel kapena stoat. Wa nkhandwe umapitirira masentimita awiri, ndipo nkhandwe imaphwanyanso mafupa a pamsana ndi pachifuwa, zomwe tinyamati sitichita. Muyeze nkhuku zingapo, chifukwa nyama ikaluma kawiri pamalo amodzi mabowo amasokonezana ndipo mukhoza kuphatikiza awiri osayenderana.

Anthu ambiri, azungu ndi akuda omwe, amakhulupirira kuti nyamazi zimayamwa magazi. Si zoona. Chikhulupirirochi chinabwera chifukwa choona nkhuku zambiri zakufa, zolumidwa pakhosi, koma zosadyedwa. Chomwe chimachitika n'chakuti m'tchire nyama ikagwira mbalame imodzi, zinazo zimathawa, ndipo kusaka kumathera pomwepo. M'khola mulibe kothawira. Nkhuku zimangophupha ndi kukuwa, ndipo kuphupha kulikonse kumadzutsanso mtima wosaka. Imapha mpaka m'kholamo mutati zii. Kenako imayesa kusunga ndiwo za mawa monga imachitira m'tchire, n'chifukwa chake mumapeza mitembo itakokeredwa pakona kapena mutu wa nkhuku utakanirira pabowo lomwe wakubayo analowera. Pomwe yadyapo pamakhala pamutu ndi pakhosi.

Funso lotsatira ndi lakuti zafa nkhuku za msinkhu wanji. Apa ndi pomwe weasel amanamiziridwa kwambiri. Kanyama ka magalamu 60 kulimbana ndi thadzi la makilogalamu awiri si nkhani yapafupi. Weasel wa kuno amatenga anapiye, zinziri, mwina timisoti ta nkhuku zazing'ono za mtundu wa bantam. Mukapeza matadzi akuluakulu ndi tambala yemwe atafa usiku umodzi, kapena abakha, ine ndimayamba ndaika mink patsogolo, stoat pambuyo pake. Abale athu okhala ku United States ndi Canada asatengere muyeso uwu ndendende, chifukwa kumeneko kuli long-tailed weasel, wamkulupo komanso wa mchira wautali, amene amapha nkhuku yaikulu popanda vuto.

Tulukani panja muzungulire khola. Ndowe za mink zimakhala zakuda, zopotana, zosongoka kunsonga, zotalika masentimita 6 mpaka 8 ndi kunenepa pafupifupi sentimita imodzi. Mukazifwafwaza ndi kamtengo mupeza ubweya, nthenga, tizidutswa ta mafupa, nthawi zina mamba a nsomba. Fungo lake n'loipa moti simudzafunsanso kachiwiri. Za weasel n'zopotananso koma zoonda ngati ulusi wolukira juzi, zodzaza ubweya wa mbewa. Mapazi a onsewa ali ndi zala zisanu, pomwe agalu, amphaka ndi nkhandwe amadinda zinayi. Phazi la mink limafika masentimita atatu kapena anayi, zala zake zotambasuka. La weasel limangopitirira pang'ono sentimita imodzi, ndipo ndi lopepuka moti pa dothi louma silioneka n'komwe. Amayenda modumpha, choncho mapazi amaoneka awiriawiri. Ngati pansi n'pouma, wazani phulusa losefa kapena mchenga wonyowa kuzungulira khola madzulo, m'mawa mukawerenge. A bungwe la Game and Wildlife Conservation Trust anapanga njira yonga yomweyi ya pamadzi: kabwato kathabwa kokhala ndi kanjira kofoleredwa, m'kati mwake muli dongo lonyowa. Mink ndi wachidwi, saona mphako osalowamo, ndipo amasiya mapazi ake padongopo. Masiku ano kamera yodzijambulira yokha ikamva kuyenda siikweranso mtengo, ndipo usiku umodzi kapena uwiri imathetsa mkangano.

Malo ndi nyengo zimathandizanso. Mink satalikira madzi. Ngati pafupi ndi kwanu pali mtsinje, ngalande, damu kapena khwawa, ngakhale pakati pa tauni, mwayi woti ndi iyeyo ndi waukulu. Amayendayenda kwambiri kawiri pachaka: mu Febuluwale ndi Malichi amuna akamafunafuna akazi, komanso kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ana akamasiyana ndi amayi awo kukafuna malo awoawo. Weasel amakonda mipanda ya zitsamba, milu ya nkhuni ndi makoma a miyala, kulikonse komwe kuli mbewa.

Chenjezo limodzi lisanatipitirire. Nkhuku zikafa zambiri nthawi imodzi koma mwasosola khosi osapeza bala lililonse, siyani kufunafuna chilombo. Kwathu tikanaganizira chitopa. Kuno ganiziraninso chimfine cha mbalame. Matenda onse awiriwa lamulo limakakamiza kuwanena ku boma, ku nthambi ya Animal and Plant Health Agency. Ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku ku England ndi Wales amayenera kulembetsa, ngakhale ali ndi imodzi yokha.

Nanga kudziwa dzina la wakubayo kuli ndi phindu lanji, poti nkhuku zafa kale? Phindu lake lili pa msampha. Mink akalawa khola amabweranso mpaka litatha, ndipo popeza ndi nyama yobwera yowononga zachilengedwe, lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limaletsa kumumasula. Mukamugwira wamoyo m'msampha wonga kakhola simungakamutaye kutchire kuti mumuchitire chifundo. Ayenera kuphedwa mwachangu ndi mosazunza. Kumumiza m'madzi ndi nkhanza pamaso pa lamulo, ndipo palibe poizoni wololedwa pa ntchitoyi. Msamphawo uyenera kuonedwa tsiku lililonse. Amene alibe zida ndi luso aitane odziwa. M'madera ambiri muli magulu osaka mink, monga Waterlife Recovery Trust ku East Anglia, kum'mawa kwa England, omwe amalandira uthenga wotere ndi manja awiri.

Vuto n'lakuti pali nyama zina zofanana ndi mink zomwe lamulo lomwelo limaziteteza. Polecat ndi wa msinkhu womwewo ndipo nayenso amapha nkhuku, koma kumaso kwake kuli mizere yoyera yozungulira maso ndi pakamwa, makutu ake ndi oyera m'mphepete. Pine marten ali ndi chigamba chachikasu pakhosi ndi makutu aakulu. Katumbu ndi wamkulu kwambiri, makilogalamu 7 mpaka 10, mchira wake wonenepa kutsinde. Kutchera msampha wopha musanadziwe yemwe akubwera n'kudziputira mlandu. Ngakhale pa stoat, kuyambira mu Epulo 2020 misampha yololedwa ndi yowerengeka, ndipo yakale yambiri yomwe alimi anasunga m'mashedi inachotsedwa pa mndandanda wake.

Pa weasel maganizo anga ndi akuti mumusiye. Kanyamaka kamafunika kudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake tsiku lililonse, ndipo chakudya chake chenicheni ndi mbewa. Mukamuona pakhola panu, dziwani kuti chamuitana ndi mbewa zomwe zikudya chakudya cha nkhuku chotayikira pansi. Mukamupha mbewazo zichuluka, ndipo posakhalitsa weasel wina adzalowa m'malo mwake. Sungani chakudya m'chigubu chachitsulo chotseka, sesani zotsala madzulo, chotsani milu ya nkhuni yoyandikana ndi khola, anapiye muwatsekere bwino. Iye adzakasaka kwina.

Pomwe onsewa safuna kusiyanitsidwa ndi pa khola lenilenilo. Waya wopyapyala wa maso akuluakulu, womwe m'masitolo amaugulitsa ngati waya wa nkhuku, ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka basi. Mink amatha kudzipanikiza pa bowo la masentimita awiri ndi theka mpaka atatu, weasel pa lochepera apo. Gulani waya wolimba wowotcherera, wa maso osapitirira mamilimita 13, muukhome pa mawindo onse opitira mpweya, pansi pa denga pomwe malata amasiya mipata, ndi pansi pa khola ngati ndi lathabwa. Onsewa amakwera bwino, choncho kutalika kwa mpanda sikuwaletsa ngati pamwamba pali pululu. Mabowo a makoswe muwatseke ndi simenti, chifukwa njira yomwe khoswe wakumba ndi yomwe mink ndi stoat amadzera. Njira yosavuta yopezera mipata ndi kuika tochi yoyaka m'khola usiku nkhuku zisanalowe, n'kutseka chitseko, inu n'kuzungulira kunja. Paliponse pomwe kuwala kukutulukira, yesani ndi chala chachikulu. Chikalowa, pakhomeni waya tsiku lomwelo.