Abambo ndi khansa ya m'mawere: mayankho a mafunso omwe akutipeza ku kiliniki

Chiyambireni mwezi wa Okutobala, pamene uthenga wa khansa ya m'mawere umamveka kwambiri pa wailesi, abambo akhala akufika pa kiliniki yathu yoyeza khansa. Ife izi zatisangalatsa, ngakhale kuti sizinayende bwino kwa onse. Ena anaima pamzere wa amayi mpaka dzuwa kufika pamutu n'kubwerera osaonedwa, ena anakadandaula ku komiti ya chipatala, ndipo nkhani ya ndalama yayankhulidwa mosiyanasiyana m'midzimu. Tasonkhanitsa mafunso omwe akubwera kawirikawiri. Mayankhowa sakulowa m'malo mwa kuonana ndi dokotala.

Kodi n'zoona kuti mwamuna angadwale khansa ya m'mawere?

Inde. Pa anthu 100 alionse opezeka ndi khansayi padziko lonse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna, ndipo ambiri mwa iwo amakhala a zaka zopitirira 60.

Nanga imera pati, poti mwamuna alibe bere?

Kuseri kwa nsonga ya bere la mwamuna kuli timinofu ndi tinjira ta mkaka tomwe sitinakule. Khansayi imayambira pamenepo.

Ndinabwera tsiku loyeza koma anandibweza, ati ndi tsiku la amayi. Kodi abambo saloledwa?

Palibe lamulo loletsa mwamuna kupimidwa bere. Chomwe chilipo n'chakuti chipinda chomwe timapimiramo mawere ndi chomwecho chomwe amayi amayezetseramo khomo la chiberekero, ndipo amayi amakhala atavula. Namwino yemwe amabweza mwamuna pakhomo limenelo amakhala akuteteza ulemu wa amayiwo. Tikuvomereza kuti ena anabwezedwa osauzidwa kolowera, ndipo izi siziyenera kutero. Bambo, mukafika yambirani komwe amalembera odwala onse, mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo munene mosabisa kuti muli ndi chotupa pabere. Ambiri amazungulira, amati "pachifuwa pakundipweteka", ndiye amatumizidwa kukapereka makhololo n'kupita kwawo ndi panado.

Dziwaninso kuti abambo alibe ndondomeko yoyezetsa chaka ndi chaka pamene sakumva chilichonse. Timapima amene waona chachilendo m'thupi mwake, kapena amene kubanja kwawo matendawa alipo.

Ndione chiyani kuti ndibwere?

Kachotupa kolimba kuseri kapena pambali pa nsonga ya bere, mbali imodzi yokha, komwe nthawi zambiri sikapweteka. Kusapwetekako ndi komwe kumapusitsa anthu. Mwamuna amakakhudza posamba, n'kuona ngati njere ya mtedza pansi pa khungu, n'kunena kuti kaphwa kokha. Zina ndi nsonga ya bere kulowa mkati, kutuluka madzi kapena magazi pansongapo mpaka kudetsa malaya, khungu kukwinyika, chilonda chosapola, ndi mwanabere wa m'khwapa wosachoka. Popeza bere la mwamuna ndi laling'ono, chotupa sichichedwa kugwira khungu ndi mnofu wa pachifuwa.

Bere langa linakula nditayamba ma ARV. Ndi khansa?

Kawirikawiri ayi. Mankhwala a efavirenz, omwe anali m'ma ARV omwe ambiri ankamwa dziko lisanasinthire ku a dolutegravir mu 2019, amakulitsa mawere a abambo ena. Zimachitikanso kwa anyamata otha msinkhu, kwa onenepa kwambiri, kwa odwala chiwindi ndi kwa omwa mankhwala otchedwa spironolactone. Bere lotere limakhala lofewa, limapwetekako mukaligwira, ndipo nthawi zambiri amakula onse awiri. Koma musadzigamule nokha kunyumba, ndipo musasiye ma ARV. Kauzeni omwe amakupatsani mankhwalawo kuti akupimeni.

Kodi ndilipira zingati? Ena akuti n'zaulere, ena akuti anagulitsa mbuzi.

Funso ili ndi lomwe latibweretsera madandaulo ambiri, choncho tiliyankha mofatsa.

M'zipatala za boma, kuonana ndi dokotala, kupimidwa, opaleshoni ndi mankhwala omwe alipo n'zaulere kwa wodwala wa mbali ya anthu onse, osati mbali yolipira. Ndiyo ndondomeko ya boma, ndipo siisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Wogwira ntchito wina akakupemphani ndalama m'manja kuti akulowetseni msanga kapena kuti akusungireni tsiku la opaleshoni, musapereke. Kanenezeni kwa ombudsman wa pachipatala, yemwe amalandira madandaulo a odwala, kapena kwa mkulu wa chipatalacho.

Komabe mawu akuti zaulere sakutanthauza kuti simudzatulutsa kanthu m'thumba, ndipo tingakhale tikukunamizani titanena choncho. Thiransipoti yopita ku chipatala chachikulu, ulendo woyamba ndi maulendo onse otsatira, kawirikawiri imakhala yanu. Ambulasi imayamba yanyamula odwala mwakayakaya ndi amayi oyembekezera, ndipo munthu amene akutha kuyenda yekha sangailonjezedwe. Gadiyani amafunika chakudya chake, sopo ndi makala masiku onse omwe mwagonekedwa. Nthawi zina makina ojambulira amawonongeka kapena mankhwala ena amatha, ndiye dokotala amakuuzani kuti mukhoza kudikira kapena kukachitira ku chipatala cholipira. Pamenepo chisankho ndi chanu. Sitikukakamizani, ndipo sitingakubwezereni ndalama zomwe mwalipira kunja kwa zipatala za boma.

Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, zimalipiritsa. Zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti chithandizo china chikhale chaulere, koma mgwirizanowu umakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Musaganize kuti chotupa cha pabere chalowa momwemo musanafunse ku ofesi yawo yolipirira. M'zipatala zazikulu za boma mulinso mbali yolipira, yomwe munthu amasankha yekha. Mukalowera kumeneko, funsani mtengo musanagonekedwe ndipo mulandire risiti ya boma. Omwe muli pa MASM kapena inshuwalansi ina, funsani eni akewo zomwe ndondomeko yanu imalipira pa khansa, chifukwa zimasiyana ndipo ife sitingawayankhire.

Mitengo sitilemba pano. Imasintha, ndipo sitifuna munthu adzatisonyeze pepalali pamene zinthu zakwera kale.

Bwanji ndingopita ndekha ku Queens kapena ku Kamuzu Central?

Njira yoyenera ndi kuyambira kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena cha boma lanu, n'kulandira kalata yokutumizani. Zipatala zazikulu zilipo zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kalatayo imauza dokotala wa kumeneko zomwe zapezeka kale komanso imakufikitsani ku kiliniki yoyenera pa tsiku loyenera. Ngati mwapatsidwa mankhwala opha tizilombo, mwamaliza, chotupa chikadalipo, musavomere kungowonjezeredwa ena. Pemphani kalatayo mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

Akuti mukadula kachidutswa kuti mukapime, khansa imalusa n'kufalikira.

Si zoona. Kupima kachidutswa ka chotupa ku labotale ndi njira yokhayo yotsimikizira ngati ili khansa, chifuwa chachikulu cha m'mwanabere kapena chotupa wamba. Chimafalitsa khansa ndi kuchedwa. Tikupemphanso kuti musatemere mphini pachotupa kapena kumatapo zitsamba zowotcha, chifukwa chilonda chake chimavuta kupola.

N'chifukwa chiyani zotsatira zimachedwa?

Madokotala opima tizidutswa timeneti ndi ochepa m'dziko muno, ndipo tomwe tatengedwa m'maboma timayenera kutumizidwa ku mizinda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti kupima konse kuthe pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku lomwe munthu wafika koyamba kuchipatala. Sitinganene kuti nthawi zonse timakwanitsa. Siyani nambala ya foni yomwe imagwira, ndi ina ya wachibale. Tsiku lomwe munapatsidwa likakwana osaimbiridwa, bwerani mudzafunse. Kusaimbiridwa sikutanthauza kuti mulibe matenda.

Kodi ogwira ntchito amasunga chinsinsi?

Inde, ndi lamulo la ntchito yathu. Sitiuza abwana anu, ampingo kapena amfumu. Akazi anu timawauza inu mukalola, ndipo timalimbikitsa kuti mubwere nawo.

Akandipeza nayo chimachitika n'chiyani? Ndamva kuti mapiritsi ake amafooketsa mwamuna m'nyumba.

Ambiri amachitidwa opaleshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi nsonga yake, nthawi zina ndi anabere a m'khwapa. Ena amalandiranso mankhwala a khansa odzera m'diripi, opaleshoni isanachitike kapena itachitika. Khansa yambiri ya m'mawere mwa abambo imakula ndi mphamvu ya mahomoni achikazi otchedwa estrogen, choncho ambiri amapatsidwa mapiritsi a tamoxifen oti amwe tsiku lililonse kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. N'zoona kuti ena amamva kutentha thupi mwadzidzidzi, amanenepa, kapena chilakolako chimachepa. Sitikubisa. Chomwe tikupempha n'chakuti musasiye mwakachetechete, chifukwa mapiritsiwa ndi omwe amachepetsa mpata woti khansa ibwerere. Bwerani tikambirane. Koma mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti tamoxifen amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha.

Nanga radiotherapy, boma limatumizabe anthu kunja?

Kwa zaka zambiri chithandizo chowotcha khansa ndi makinachi kunalibe m'dziko muno, ndipo ochifuna ankadikira mwayi wotumizidwa ku India, Tanzania kapena Zambia. Tsopano chayamba kupezeka kuno komwe. Si wodwala aliyense amene amachifuna. Amagamula ndi madokotala a khansa a kuchipatala chachikulu, osati kiliniki yathu, ndipo ife tilibe mphamvu yoika munthu patsogolo pamndandanda.

Kodi ana anga atengera?

Siipatsirana pogonera limodzi, kudyera mbale imodzi kapena kubwerekana malaya. Koma imatha kuyenda m'magazi a banja, makamaka kudzera m'chibadwa cholakwika chotchedwa BRCA2, chomwe bambo angapatsire mwana wamkazi kapena wamwamuna. Mukapezeka nayo, auzeni ana anu akuluakulu, alongo anu ndi abale anu, kuti akamapita kuchipatala azinena kuti kwawo kuli bambo yemwe anadwalapo khansa ya m'mawere, ndipo zilembedwe m'mabuku awo.