Si kafukufuku aliyense wa pa intaneti amene ndi msampha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti mafunso a zaumoyo ofikira amuna ogonana ndi amuna anzawo pamasamba a mchezo ndi msampha wofuna kuwaulula. Zanditopetsa, chifukwa mphekeserayi imawonjezera mantha kwa anthu oopa kale kuchipatala.

Ofufuza amagwiritsa ntchito masambawa chifukwa munthu amayankha ali yekha pafoni yake, nkhani za HIV kapena PrEP (mankhwala othandiza kupewa kutenga HIV) zimene sangazitchule pamzere wa odwala. Kafukufuku weniweni amayamba ndi kupempha chilolezo chanu: amatchula omuyendetsa, komiti imene inamuvomereza, komanso ufulu wanu wosiyira panjira. Achinyengo aliko ndithu, choncho fufuzani nokha nambala ya komitiyo, muimbe. Akafuna chithunzi chanu kapena ndalama, tsekani pomwepo.

Chonde, uthenga umene simunautsimikize musautumize m'magulu.