Sitayilo kapena chikhalidwe? Mkangano wa tsitsi ndi zovala unachokera kutali

Loweruka lapitali ndinali kometetsa, ndikudikira mzere, pakhoma pali chipepala chija cha mitu ya anthu yokhala ndi manambala, mwana amangoloza kuti ndikufuna nambala 7. Nde mkangano unabuka wa ana achiRasta m'sukulu za boma. Bambo wina wachikulire akuti madiredi ndi sitayilo chabe, mwana amete basi, wometayo makina ali m'manja akuti ayi bambo, kwa iwowo chimenechija ndi chipembedzo. Ine chinanditsalira m'mutu ndi mawu akuti sitayilowo, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, nawonso anawatenga ku Chilatini, stilus, kachitsulo kosongoka komwe Aroma ankalembera pa thabwa lopaka phula. Kuchoka pa cholembera anayamba kutanthauza kalembedwe ka munthu, kenako kachitidwe ka chilichonse. Kwathu kuno tinali kale ndi njira yathu, kavalidwe, kametedwe, kavinidwe, kayendedwe, chilichonse ndi dzina lake. Koma sitayilo itabwera inameza zonsezi nkuwonjezera zake, wosewera mpira ali ndi sitayilo, wakuba wabwera ndi sitayilo ina, mtsikana akupanga masitayilo. Ndipo mukamvetsera bwino, tikati sitayilo nthawi zambiri timatanthauza chinthu chobwera, chopepuka, choti mawa chitha. Tikati chikhalidwe ndiye chathu, cholemera.

Amene anadula malire amenewa ndi lamulo anali Kamuzu Banda. Mu 1973 boma linakhazikitsa Decency in Dress Act, mzimayi osavala thalauzi pagulu, siketi kapena diresi izibisa mawondo akaimirira. Amuna nawo sanapulumuke, mathalauzi otambalala kumiyendo aja a bell-bottom analetsedwa, ndipo mu Penal Code munalowa ndime ya tsitsi. Ndimeyi ndiyomwe imandidabwitsa kwambiri, inachita kuyeza, mwamuna ukaima chilili tsitsi lako lisapitirire mzere wongoganizira wozungulira mutu podutsa pakamwa. Likapitirira unkawerengedwa m'gulu la anthu osowa chochita ndi osokoneza. Tangoganizani wapolisi akukuyang'ana pakamwa kenako kukhosi kuti aone ngati walakwa.

Nkhani za pabwalo la ndege la Chileka zimakambidwa zambiri, alendo achizungu kumetedwa asanalowe m'dziko, azimayi kufunda chitenje pamwamba pa thalauzi. Zina mwa izi anthu amathira mchere pofotokoza, aliyense ali ndi malume ake amene anaona, koma mabuku otsogolera alendo a nthawiyo ankachenjezadi za kavalidwe ndi tsitsi, nde maziko ake ndi oona. Kumalo ochezera alendo kunyanja lamulo linkafewa. Ndipo amayi athu akamakamba satchula kwambiri khothi, amatchula ayufi ndi apayoniya, achinyamata a chipani cha Kamuzu aja, pamsika, manyazi ochititsidwa pagulu ndi omwe ankaopsa kuposa chindapusa.

Pali mbali ina yomwe anthu salankhula kawirikawiri. Kamuzu mwini wake anabwera mu 1958 atakhala zaka zambiri ku Britain, ndipo suti yake ya zidutswa zitatu ndi chipewa chija zinali kavalidwe ka ku London, litchowa lokha ndi lomwe linali la kuno ku Africa. Palibe ankazitcha sitayilo. Mu Chingerezi mawu omwewa amatanthauzanso maina aulemu otchulira mtsogoleri, ndipo ake anali His Excellency the Life President Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda, wailesi ya MBC osadumphako ngakhale limodzi. Omuikira kumbuyo amati ankateteza ulemu wa amayi pa nthawi yomwe mini inali itavuta paliponse, ndipo ndikudziwa agogo ambiri amene amakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, sindiwanyoza. Koma amene ankasenza lamulolo pathupi pawo tsiku ndi tsiku anali amayi, osati amene analilemba.

Itatha referendamu ya pa 14 June 1993 lamulo la zovala linachotsedwa, mathalauzi anadzaza m'tauni, kaunjika nkuthandizira. Zaka zinadutsa.

Koma lamulo likafa papepala m'mitu limatsala. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anayamba kuvula azimayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, masana dzuwa likuswa mtengo, ati akuphwanya chikhalidwe. Azimayi anasonkhana ku Blantyre ambiri atavala mathalauzi, Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti analipo, ndipo Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti mzimayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna.

Za tsitsi zinatenga nthawi yaitali kuposa apo. Ana achiRasta ankakhoza mayeso, kusankhidwa, koma pageti nkubwezedwa kuti akamete kaye, makolo ena nkumavutika ndi fizi ya sukulu zapulaiveti, ena ana kungokhala pakhomo. Mu May 2023 khothi lalikulu ku Zomba, woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kuwakaniza chifukwa cha madiredi nkuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo unduna wa zamaphunziro unalamulidwa kudziwitsa sukulu zonse za boma.

Bambo uja atamva za chigamulochi anangopukusa mutu, akuti makhothi a masiku ano. Analipira, nkuvala chipewa chake, wometa nkukutumula nsalu kuitana mwana wa nambala 7 uja kuti akhale pampando.